Momwe tinalembera ndemanga ya mkonzi m'nyuzipepala ya ophunzira ku Dedza

Ndimaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi boma la Dedza, ndipo ndine amene ndimayang'anira kalabu ya alembi achinyamata pasukulupo. M'teremu yachitatu, m'chaka cha 2025, tinayamba kutulutsa kanyuzipepala ka masamba anayi. Nkhani za mpira, ndakatulo ndi nthabwala sizinativute, koma ndemanga ya mkonzi, yomwe ntchito yake n'kukopa owerenga kuti achitepo kanthu, inatidyera nthawi kuposa masamba ena onse. Ndaika pano zomwe ndinkalemba m'kope langa ntchito ili m'kati, kuti aphunzitsi anzanga ofuna kuyamba zomwezi aone pamene panativuta.

5 Meyi 2025: ndalama ndi zipangizo

Tinakumana koyamba tsiku lokumbukira ufulu wa atolankhani, lomwe limakhala pa 3 Meyi chaka chilichonse, litangodutsa kumene. Choncho ndinayamba ndi kuwawerengera ophunzira gawo 35 ndi gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pamene akunena za ufulu wa munthu aliyense wofotokoza maganizo ake ndiponso ufulu wa atolankhani wofalitsa nkhani. Anyamata ena anamva ngati ndawapatsa chilolezo cholemba chilichonse chokhudza aphunzitsi, ndipo ndinawauza pomwepo kuti ufuluwo suteteza munthu woipitsa mbiri ya mnzake ndi nkhani yopanda umboni.

Mamembala 24 anasonkha K1,000 aliyense, tinapeza K24,000. A hedi anatipatsa limu imodzi ya mapepala a A4 kuchokera mu ofesi yawo, yomwe tikanagula pa K17,500. Mwini makina a fotokope kuboma anavomera kutilipiritsa K100 patsamba tikabwera ndi mapepala athu, kotero makope 60 a masamba anayi anakwana K24,000. Mapini a sitepula ndi K2,500, kabaza wopita ndi kubwera K3,000. Zinaperewera K5,500, ndipo ndinabwereketsa kalabu ndalamayo kuti idzabweze ikagulitsa nyuzi. Laputopu ndi fulashi ndi zanga.

12 Meyi: madandaulo okhaokha

Ndinapempha aliyense kuti abwere ndi ndemanga yake, ndipo pafupifupi onse anabwera ndi mndandanda wa madandaulo. Mtsikana wa Fomu 3 amene anzake anamusankha kukhala mkonzi analemba masamba atatu, momwe munali zimbudzi, kuchepa kwa mabuku mulaibulale, chibalo cha ochedwa, chisanu cha m'mawa ndiponso mphunzitsi wina amene sanamutchule dzina koma aliyense akanamuzindikira. Anamaliza ndi mawu akuti "akuluakulu achitepo kanthu zinthu zisanafike poipa". Nditamufunsa kuti akuluakuluwo ndi ndani ndipo kanthuko n'kotani, anaseka n'kuyankha kuti, "Madamu, iwo eni akudziwa."

Tinatenga nyuzipepala zakale za The Nation ndi Daily Times zomwe zinaunjikana m'chipinda cha aphunzitsi, n'kudula ndemanga za akonzi ndi lezala. Gulu lililonse linalandira imodzi ndi ntchito ziwiri: kulemba mzere kunsi kwa chiganizo chomwe chikupempha chinthu, ndi kuzunguliza dzina la amene akupemphedwa. Ophunzira anaona okha kuti ndemanga sikhala ndi dzina la mlembi chifukwa imayankhulira nyuzipepala yonse, kuti imagwira nkhani imodzi yokha, ndiponso kuti ndemanga zina za akatswiri enieniwo zinalibe chiganizo choti n'kuchilemba mzere. Zoterozo anazitcha okha kuti n'zofooka, ine ndisananene. Pabolodi tinasiyapo mafunso atatu omwe anakhala pamenepo teremu yonse: tikupempha chiyani, tikupempha ndani, ndipo angathe kuchita pofika liti?

Titavota, nkhani ya chisanu inapambana. Lamulo la pasukulu pathu limati wophunzira avale juzi ya yunifolomu yokha, ndipo jekete kapena juzi ina iliyonse imalandidwa pageti. Ambiri mwa ana athu amanyamuka kwawo kusanache, ena wapansi ena panjinga, ndipo amene alibe juzi ya sukulu amafika atangovala malaya. Ine ndinkakonda nkhani ya mabuku, koma ya majuzi inali ndi ubwino wakuti yankho lake silinkafuna ndalama za sukulu.

19 Meyi: mwini lamulo ndani?

Zolemba zachiwiri zinalunjika ku Unduna wa Zamaphunziro, ndipo zinali ndi ndime yonse yopempha nduna kuti ibwere idzaone yokha. Ndinatuma mkonzi ndi mnzake mmodzi kukapempha pepala la malamulo a sukulu, lomwe kholo lililonse limasainira mwana akamayamba Fomu 1. Anapeza kuti lamulo la majuzi lili pamenepo, ndipo kalaliki anawauza kuti malamulowo amakhazikitsidwa ndi a hedi pamodzi ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ya PTA. Ndime ya nduna inachoka. Anamvanso kuti msonkhano wa makolo udzakhalapo pa 21 Juni, ndipo tsiku limeneli linatipatsa malire a ntchito yonse, chifukwa ndemanga yotuluka msonkhano utatha ikanadikira chisanu cha chaka chamawa. Pachifukwa chomwecho tinagwirizana kuti ngakhale masamba ena ali m'Chingerezi, ndemangayi ikhale m'Chichewa kuti makolo adziwerengere okha.

26 Meyi: kusefa mfundo

Sabata imeneyi ndi yomwe inali ndi ntchito yambiri. Ndinawauza kuti chiganizo chilichonse chonena kuti chinthu chili chakuti chilembedwe papepala lapadera, ndipo pambali pake palembedwe kumene tachitenga. Ziganizo zingapo zinagwa pomwepo.

Mnyamata wina analemba kuti sukulu yathu ili m'munsi mwa phiri lalitali kuposa onse m'Malawi. Titatsegula atilasi ya aphunzitsi a jogalafe tinapeza kuti phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198, pamene nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje imafika mamita 3,002. Anakhumudwa pang'ono, koma mfundo yoona inali yokwanira kale: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, n'chifukwa chake miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira kuposa ku Salima kapena ku Mangochi, kumene mwana angathe kupita kusukulu ndi malaya okha osadandaula.

Chiganizo china chinkati ophunzira ambiri akudwala chibayo chifukwa cha lamuloli. Chinali chiganizo champhamvu ndipo mkonzi anachikonda kwambiri, koma palibe amene anatha kutchula kumene anachipeza. Aphunzitsi a sayansi ya zamoyo anawakumbutsa zomwe anaphunzira kale m'kalasi, kuti chibayo chimayamba ndi tizilombo tolowa m'mapapo, ndipo anawachenjeza kuti kholo limodzi logwira ntchito kuchipatala likhoza kugwetsa ndemanga yonse ndi chiganizo chimenecho. Tinachichotsa, m'malo mwake tinalemba chomwe aliyense amachiona, chakuti m'phunziro loyamba ana ena amapinda manja m'khwapa m'malo mogwira cholembera.

Pofuna kukhala ndi umboni wawowawo, anabwereka choyezera kutentha kulabu ndipo ankachiika pakhonde la Fomu 1 nthawi yofola m'mawa. Tsiku loyamba anachisiya poti dzuwa likangotuluka limawomba, ndipo nambala inakwera msanga moti inalibe ntchito; aphunzitsi a sayansi anawauza kuti achipachike pamthunzi, chisakhudze khoma. Atatero, m'mawa wina chinaonetsa madigiri osafika 10, ndipo nambala imeneyo inalowa m'ndemanga pamodzi ndi tsiku lake ndi nthawi yake.

Kuwerenga amene alibe juzi ya sukulu kunalinso ndi vuto lake. Poyamba analowa m'makalasi n'kunena kuti amene alibe juzi akweze mkono. Ana a Fomu 1 anangoyang'anana, ochepa okha anakweza, chifukwa palibe mwana amene amafuna kulengeza umphawi wa kwawo pamaso pa anzake. Tinasintha njira: m'mawa wozizira, alembi awiri anaima kumbuyo kwa mizere n'kumawerenga mwakachetechete majuzi ovalidwa, popanda kufunsa munthu. Anapeza kuti ovala malaya okha anali ochuluka kuposa ovala juzi. Pomaliza, atsikana awiri anapita kumsika tsiku la Loweruka kukafunsa mitengo, ndipo anabwera atalemba kuti juzi ya yunifolomu anaipeza pa K25,000, pamene pakaunjika juzi yabwinobwino anaitchulira pakati pa K6,000 ndi K8,000. Ndinawapatsa K1,000 ya m'thumba mwanga yogulira mbatata yokazinga, yomwe sindinaiwerengere kalabu.

2 Juni: kukamva mbali ina

Mkonzi sanafune kupita kwa achiwiri kwa a hedi, amene amaona za mwambo, ponena kuti akakamva zifukwa zawo ndiye kuti ndemanga ifooka. Ndinamuuza kuti zifukwazo zidzanenedwa ndithu pamsonkhano wa makolo, iye kulibe, ndipo ndi bwino kuziyankha papepala zisanatchulidwe. Anapita ndi kope, ine ndinakhala panja.

Zifukwa anabwera nazo zinali zitatu, ndipo zonse zinali zomveka. Majekete a matumba ambiri amabisa mafoni, ndiponso likasa nthawi ya mayeso. Aliyense akavala zake, mlonda sangasiyanitse wophunzira ndi mlendo wolowa pasukulu. Chachitatu, chomwe ana sanachiganizirepo n'komwe, n'chakuti yunifolomu imabisa kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndipo kulola majekete kungasandutse bwalo la sukulu kukhala poonetsera zovala. Kalabu inakangana nthawi yaitali. Ena ankati tingozisiya, ena ankati tatha basi, tisinthe mutu.

Chomwe chinatithandiza n'kuchepetsa pempho. Poyamba tinkapempha kuti wophunzira aloledwe kuvala chofunda chilichonse. Tsopano tinapempha juzi yakuda yopanda chipewa, yopanda matumba ndiponso yopanda zolembalemba, kolala ya malaya a sukulu ikhale ikuoneka, kuyambira Juni mpaka potseka teremu. Ndime yoyankha inalembedwa motere: "Tikudziwa kuti lamuloli linaikidwa ndi zifukwa zabwino. Juzi yopanda matumba siingabise foni, ndipo juzi yakuda yopanda zolemba siisonyeza ngati inagulidwa m'sitolo kapena pakaunjika. Sitikupempha kuti yunifolomu ithe, tikupempha kuti mwana amene makolo ake sanakwanitse K25,000 asasankhe pakati pa kuphwanya lamulo ndi kunjenjemera m'kalasi." Mwa ndime zonse, imeneyi ndi yomwe makolo anadzaibwereza pambuyo pake.

9 Juni: kudula

Danga la ndemanga patsamba lachiwiri limalowa mawu pafupifupi 350, koma ife tinali ndi oposa 900. Chiyambi chokha chinali ndi miyambi itatu yotsatizana, kenaka mbiri ya sukulu, ndipo pempho linkatulukira kumapeto kwenikweni. Ana athu anazolowera chimangirizo cha mayeso, momwe amakhulupirira kuti miyambi yambiri imabweretsa malikisi, ndipo n'kovuta kuwachotsa chizolowezi chimenechi. Tinasiya mwambi umodzi wokha, wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, chifukwa unkayankhula mwachindunji kwa makolo amene ana awo ali nayo kale juzi ndipo nkhaniyi sikuwakhudza.

Chiyambi chakale chinkati: "Kuyambira makedzana, maphunziro akhala chinsinsi cha chitukuko cha dziko lililonse." Chatsopano chinati: "Lachiwiri lapitali, nthawi yofola m'mawa, choyezera kutentha pakhonde la Fomu 1 chinaonetsa madigiri osafika 10, ndipo ophunzira oposa theka anaima pamzere atavala malaya okha." Pempho tinalikweza kukhala m'ndime yachiwiri, n'kulibwerezanso mwachidule pomaliza pamodzi ndi tsiku la msonkhano.

Tinachotsanso mawu akuti "nkhanza" ndi "kupanda chisoni", pakuti anthu amene tinkawanena choncho ndi omwewo tinkafuna kuti avomere pempho lathu. Dzina la pulifekiti amene amalanda majekete pageti linachokanso, popeza iye amangotsata lamulo lomwe sanalipange. Pomaliza mkonzi anawerenga mokweza kalabu yonse ikumvetsera, ndipo paliponse pamene anapuma mpweya pakati pa chiganizo tinkadziwa kuti chiganizocho chatalika.

11 Juni: mu ofesi ya a hedi

Nyuzi yotuluka m'dzina la sukulu iyenera kudutsa kwa a hedi, ndipo ndinapita ndi mkonzi kuti amve yekha. Anawerenga mofatsa, cholembera chofiira chili m'manja, n'kupempha zinthu ziwiri. Choyamba, ndemanga inkati majekete olandidwa sabwezedwa, ndipo iwo anatsegula kabati n'kutionetsa majekete atamatidwa timapepala ta mayina, odikira kubwezedwa potseka teremu. Tinakonza pomwepo. Chachiwiri, anafuna kuti tichotse tsiku la 21 Juni, ponena kuti zikuoneka ngati ana akulamula makolo. Mkonzi anayankha atagwira manja kumbuyo kuti, "A hedi, tikachotsa tsikulo, chisanu chidzatha yankho lisanabwere. Mwina tisinthe mawu, tilembe kuti tikupempha komiti iganizire nkhaniyi pamsonkhano umenewo." Anakhala chete kanthawi, kenaka anavomera mawu atsopanowo. Ine sindinayankhulepo, ndipo ndikuona kuti zinayenda bwino chifukwa pempholo linachokera kwa mwana.

13 Juni: kusindikiza

Titafika kuboma tinapeza magetsi atazima, ndipo tinadikira mpaka masana. Atayaka, fayilo yathu itatsegulidwa pakompyuta ya pashopu mizere inasuntha, moti ndime yomaliza ya ndemanga inagwera patsamba la mpira. Mwamwayi laputopu ndinali nayo, ndipo tinasunganso fayiloyo ngati PDF, yomwe sisintha maonekedwe ikapita pakompyuta ina. Makope oyamba anatuluka tsamba lakumbuyo litazondoka, mapepala khumi anaonongeka, koma mwini shopu sanatilipiritse. Amene akuyamba ntchitoyi ayambe atulutsa kope limodzi, aliyang'ane mbali zonse, kenaka alamule enawo.

Makope asanu ndi atatu tinapereka ulele kwa a hedi, kuchipinda cha aphunzitsi, kulaibulale ndi kwa a komiti, ndipo limodzi mwa amenewa tinalimata pabolodi ya zidziwitso. Pofika Lolemba linali litanyowa ndi nkhungu ya m'mawa, inki itayenderera, choncho tinamata lina titalikuta ndi pulasitiki yokutira makope ya K500, yomwe aphunzitsi anzanga anatigulira. Otsalawo tinkagulitsa pa K500.

23 Juni: zomwe makolo anagamula

Wapampando wa komiti anawerenga ndemangayo mokweza pamsonkhano, ndipo ndinamva bambo wina akufunsa ngati analembadi ndi ana. Mayi wina anatsutsa, ponena kuti iye anagulitsa thumba la mbatata ya kachewere kuti agule juzi ya sukulu, ndiye n'chifukwa chiyani ena apeputsidwe. Mfundo imeneyi sitinaiyankhe m'ndemanga, ndipo inatsala pang'ono kugwetsa pempho lonse. Chigamulo chinali chapakati: juzi yakuda yopanda chipewa iloledwa teremu ino yokha, koma osati m'chipinda cha mayeso, ndipo komiti idzaonanso nkhaniyi chaka chamawa. Ana ena anakhumudwa kuti sanapeze zonse. Ndinawauza kuti alembe chigamulocho ngati nkhani wamba patsamba loyamba la kope lotsatira, mopanda kudzitama, ndipo mawu a mayi uja alowemo.

Pulifekiti wamkulu anatilembera kalata yodandaula kuti ndemanga yachititsa anzake kumuona ngati mdani. Kalatayo tinagwirizana kuisindikiza yonse, osachotsamo kanthu.

30 Juni: ndemanga yachiwiri

Mutu wachiwiri unali wolemera: atsikana obwerera kusukulu atabereka, ndi kunyozedwa komwe amakumana nako. Pano mfundo zinalipo zokwanira. Boma linakhazikitsa ndondomeko yolola atsikana otere kubwerera kusukulu m'chaka cha 1993, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asakwatire kapena kukwatiwa asanakwanitse zaka 18. M'boma lathu lomwe lino, Inkosi Kachindamoto inatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Mafunso atatu a pabolodi anagwira ntchito msanga ulendo uno, ndipo pempho linapita kwa ophunzira anzawo ndi kwa aphunzitsi oyang'anira makalasi, kuti mayina onyoza aziwatenga ngati mlandu wa mwambo monga amachitira ndi ndewu.

Vuto linabuka pachiyambi. Potsanzira ndemanga yoyamba, mlembi anafuna kuyamba ndi chinthu chooneka, ndipo anafotokoza mtsikana wina, kalasi yake, mudzi wake ndi nthawi imene amatuluka kukayamwitsa. Dzina sanalembe, koma pasukulu yaing'ono ngati yathu zimenezo n'chimodzimodzi kulemba dzina. Ndemanga yofuna kuthetsa chitonzo ikanamuika mwanayo pabolodi kuti sukulu yonse imuloze. Tinachotsa ndime yonseyo, ndipo tinayamba ndi mawu onyoza enieniwo omwe amamveka pakhonde, popanda kunena amene amawalankhula kapena amene amanenedwa. Ndinapemphanso amayi a gulu loona za atsikana pasukulu pathu kuti awerenge zolembazo zisanapite kwa a hedi, ndipo anachotsamo chiganizo china chomwe chinkamveka ngati chikuweruza atsikanawo.

9 Julayi: kuwerengera ndalama

Pa makope 51 ogulitsa, 44 analipiridwa ndipo tinapeza K22,000. Ena anatengedwa pangongole yomwe msungichuma akuilondolabe. Kalabu inandibwezera K5,500, n'kutsala ndi K16,500. Mtengo wa fotokope wakwera kufika pa K120 patsamba, choncho kope lachiwiri tatulutsa makope 34 okha pa K16,320, ndipo za kabaza tapewa potuma mnyamata wokhala kufupi ndi boma kuti apite ndi fulashi pobwerera kwawo. M'thumba mwatsala K180 ndi mapepala okwanira makope ena a teremu yamawa. Mkonzi wathu akulowa Fomu 4 ndipo adzatanganidwa ndi mayeso a MSCE, motero tasankha ana awiri a Fomu 2 kuti aziphunzira kwa iye, ndipo ntchito yawo yoyamba patchuthi n'kufufuza kuti amene amagamula za nthawi yotsegulira laibulale ndi ndani.